Ba Langson, Amene Sankayankha Moni Panjira

Akhristu a parishi yathu ya Mpanshya, ambiri a inu munkawaona ba Langson Mwachilenga Lamulungu Misa ikatha, akukankha njinga pamsewu wafumbi wolowera ku Shikabeta, atazolika, dzanja limodzi lili pachifuwa. Ena munawapatsapo moni iwo osayankha, ndipo alipo amene akadali nako kamkwiyo mpaka lero. Popeza tawaika m'manda mwezi wathawu, nkoyenera kuti moyo wawo ulembedwe m'kalata yathu ino, kuti amene ankangoona mutu wozolikawo adziwe zimene zinali mumtima.

Ba Langson anabadwira kuseri kwa mapiri amene timawaona tikaima pakhomo la tchalitchi, zaka zingapo dziko lathu lisanalandire ufulu. Bambo awo anamwalira iwo asanayambe sukulu. Mayi awo anabereka ana angapo, koma amene anakula ndi awiri okha, Langson ndi mlongo wake wamng'ono Lister. Awiriwa sankasiyana. Nthawi ya mvula Langson ankabereka Lister powoloka mtsinje popita ku sukulu ya mishoni, ndipo kamtsikanako kankalongolola njira yonse kali kumsana. Mnyamatayo, amene anali wofatsa ngati madzi a mumtsuko, ankangoti, "Kamba iwe, ine nizamvela chabe."

Ali ndi zaka za kubusa anayamba kutumikira pa Misa. Wansembe wina wokalamba wa masiku amenewo ankamutenga popita kukadyetsa odwala Ukaristia m'midzi. Wansembeyo anali wokonda nthabwala, koma akangopachika m'khosi kathumba kokhala ndi Ukaristia, pakamwa pankatsekeka mpaka akafike. Tsiku lina Langson anafunsa chifukwa chake, ndipo anauzidwa kuti munthu akanyamula Mfumu sacheza panjira. Mawu amenewa analowa mwa mwanayo n'kukhazikika, ndipo palibe amene anadzathanso kuwazula.

Sukulu sanapite nayo patali, chifukwa munda wa mayi ake unkafuna manja. Atakula anakwera basi pa msewu waukulu n'kupita ku Lusaka, kumene anapeza ntchito yosesa pa yunivesite ina. Anasesa makalasi ndi makonde kwa zaka zambiri, kenaka akuluakulu ataona kukhulupirika kwake anamupatsa ntchito yoyang'anira nyumba zogona ophunzira. Kumeneko ndi kumene anakhala ba Langson, ndipo ophunzira anayamba kuwatcha ba Shikulu, kutanthauza agogo, imvi zisanatuluke n'komwe. Iwo ankakonda kuwaseka anawo akamadzitama ndi maphunziro. "Ine digili nilibe," ankatero, "koma mukataya kiyi mumalila dzina langa, osati la ba pulofesa."

Anakwatira ba Agness, mayi wa ku Chongwe amene ankagwira ntchito kukhitchini ya pa yunivesite pomwepo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, n'kumutenganso asanayambe kukwawa, ndipo wina sanabwere. Mtanda umenewu anausenza mwakachetechete. Achibale ena ankawatsina khutu ba Langson kuti apeze mkazi wina, koma iwo ankayankha kuti lonjezo la pa guwa silinanene za ana. Chikondi chimene chikanapita kwa ana awo chinathera pa ana a eni. M'kanyumba kawo ka kukomboni ya antchito munkapezeka ophunzira odwala malungo, olephera mayeso, ngakhale osweka mtima ndi zibwenzi. Chaka china yunivesite itatsekedwa mwadzidzidzi ndipo ophunzira onse atauzidwa kuti apite kwawo, ba Langson anapeza mtsikana wina wamasiye, dzina lake Harriet, atakhala pa sutikesi yake pakhomo, alibe kolowera. Anamutengera kwa ba Agness, ndipo anakhala nawo mpaka sukulu itatsegulidwa. Kuyambira pamenepo Harriet ankawatcha atate ndi amayi.

Akhristu a pa tchalitchi cha pa yunivesite anawasankha ba Langson kukhala wotumikira Ukaristia kwa odwala. Lamulungu lililonse ankanyamula kathumba kupita kukiliniki ndi kukomboni, ali chete ngati wansembe wawo wakale uja. Koma sankayenda okha. Ba Agness ankatsogola, ndipo munthu akapereka moni iwo ndi amene ankayankhira onse awiri: "Tili bwino, tili bwino, ba Langson banyamula Ambuye." Aliyense pa yunivesitepo anazolowera. Ophunzira ankachepetsa phokoso, alonda ankavula zipewa, ngakhale a mipingo ina ankapatuka mwaulemu. Motero ba Langson anafika pokalamba osadziwa kuti kukhala chete kwawo kungalase munthu.

Nthawi yopuma ntchito itakwana, anawachitira phwando lalikulu. Panali zoyankhula zambiri, ndipo ophunzira anasonkha n'kuwagulira njinga. Anzawo ambiri opuma ntchito anali atamanga m'makomboni oyandikana ndi yunivesite, ndipo anawalangiza kuti nawonso akhale. Koma mtima wa ba Langson unali kumudzi. Mayi awo anali atamwalira kale, ndipo m'mimba imeneyo anatsala awiri okha. "Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka," ankatero. "Ine na Lister tinakulila pamozi, takalambila kutali-kutali. Tikamalizile pamozi." Chimene ankalakalaka sichinali chachikulu ayi. Ankafuna kumadzuka m'mawa, kutuluka panja, n'kumva mawu a mlongo wawo.

Mphuno salota. Ali mkati momanga katundu, ba Agness anadwala, ndipo matendawo sanatenge nthawi. Anawaika ku Lusaka konko. Ba Langson anafika kumudzi okha, ndi njinga, bedi ndi mapoto a malemu, chaka chimene dera lathu la Rufunsa linakhala boma palokha.

Ba Lister anawalandira ndi nthungululu ndi misozi. Iwo ndi amuna awo ba Donald anawapatsa malo pafupi ndi nyumba yawo, pabwalo limodzi. Miyezi yoyambayo inali yokoma kwambiri. Ba Lister anali akadali olongolola monga kale, ndipo ba Langson ankakhala pa kampando n'kumamvetsera nkhani za mudzi wonse, za amene anakwatira ndi amene anathawa, akumwetulira. Ba Lister anali atalowa mpingo wina kalekale, ndipo ba Donald, ngakhale anabatizidwa Chikatolika, anali atasiya kupemphera kulikonse. Zimenezi sizinasokoneze chibale. Lamulungu aliyense ankalowera kwake, madzulo n'kudyera pamodzi.

Bambo mfumu a parishi atamva za utumiki umene ba Langson ankachita ku Lusaka, anakondwera, chifukwa midzi ya mbali imeneyo inali ndi okalamba ambiri amene miyendo inawakana kufika kutchalitchi. Anawapatsa kathumba. Lamulungu loyamba ba Langson anatuluka mu Misa, n'kuyamba ulendo akukankha njinga, poti ankati kukwera atanyamula Ambuye n'kupanda ulemu. Njira yawo inadzera pachitsime, pamene ba Lister anali kutunga madzi ndi amayi anzawo.

Ba Lister ataona alongo awo ananyadira. Anagwada pang'ono n'kuomba m'manja. "Mwachoma bwanji, ba Langson?"

Ba Langson anaweramitsa mutu, dzanja pachifuwa, n'kupitirira.

"Ba Langson! Nati mwachoma bwanji?"

Njinga inangopitirira. Mayi wina pachitsimepo anaseka. "Ni ba ku yunivesiti abo, mwana. Bafuna moni wa Chizungu." Onse anafa nacho chikhakhali, ndipo ba Lister anasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera kunyumba nkhope ili pansi.

Kwathu kuno munthu ukhoza kumumana chakudya n'kukukhululukira, koma osati moni. Ba Langson anabadwira konkuno ndipo ankadziwa zimenezi, kungoti zaka zonse zija panali ba Agness owatsekera mpata. Madzulo atafika anapeza mlongo wawo akusenda chinangwa, osatukula maso.

"Lister, mlongo wanga, usakalipe. Nenze ninanyamula Ambuye. Munthu akanyamula Mfumu sakamba panjila."

"Manje iyo Mfumu yanu ilibe mlongo?" anafunsa ba Lister. "Mwanisebanya pamenso pa bazimai bonse. Mulungu wamene alesa munthu kuyankha mlongo wake ni wa kuti?"

Ba Langson anapepesa, ndipo nkhaniyo inaoneka ngati yatha. Kuyambira tsiku limenelo anayamba mwambo wawowawo. Pobwerera, kathumba kali kopanda kanthu, ankaima pakhomo la aliyense amene anawapatsa moni popita, n'kuomba m'manja ndi kuyankha bwinobwino, kufunsa za ana ndi za kumunda. Ulendo waufupi unkawathera tsiku lonse. Ena ankaseka n'kulandira. Ena ankati moni wozizira alibe nawo ntchito.

Bambo mfumu nawonso anamva madandaulo ndipo anawaitana. "Ba Langson, si lamulo ai. Mpingo sulesa kuyankha moni. Yankhani chabe mwachidule, mupitilile."

"Niziba, ba Fada," anatero. "Ninayesako pa Sondo yatha. Nenze monga nasiya mlendo yeka m'nyumba, napita kukaseka na ba neba. Sininakwanise."

Tisabise, ba Langson anali ndi kaliuma kawo. Munthu wofatsa akakana wakana, ndipo ukamukankha umangotopa ndiwe. Bambo mfumu anapukusa mutu n'kuwasiya. Kaya ba Langson analakwa kaya anakhoza, aweruze ndi Mwini wake amene ankamunyamulayo. Chimene tikudziwa n'chakuti sankachita zimenezi modzikuza, ndipo mtengo wake anaulipira okha.

Anthu amene ba Langson ankawayendera anali okalamba ndi odwalika, ndipo mmodzimmodzi ankamwalira monga mmene okalamba ndi odwalika amachitira. Koma pakamwa pa anthu sipasowa chonena. Manong'onong'o anayamba. Munthu wabwera kuchokera kutauni wopanda mkazi, wopanda mwana. Amayenda osayankhula, atagwira kathumba pachifuwa. Nyumba imene walowa, sipapita nthawi mwamveka maliro. Akatolika mbali imeneyo ndi owerengeka, ndipo ngakhale ankafotokoza, mawu awo ankamira. Ana amene kale ankathamangira njinga ija anayamba kuthawira m'chimanga akaiona. Zinkawapweteka ba Langson, koma ankadzitonthoza kuti bola pakhomo pali mtendere.

Kenaka ba Donald anadwala. Miyendo inatupa, mpweya unkavuta, ndipo a chipatala atayesa zonse anawabweza kunyumba. Tsiku lina wodwalayo anawaitana ba Langson pafupi ndi mphasa. "Mulamu, nifuna kubwelela kwamene ninachoka. Niitanileni ba Fada." Ba Langson anapalasa njinga mosangalala ngati mnyamata. Wansembe anabwera, ba Donald analapa, ndipo kuyambira pamenepo ankalandira Ukaristia Lamulungu lililonse, nthawi imene ba Lister ankakhala ali kutchalitchi kwawo. Ba Donald ankaopa mkangano, choncho sanawauze akazi awo bwinobwino.

Lamulungu lina ba Lister anaweruka msanga. Atalowa m'nyumba anapeza alongo awo atagwada, akuika kanthu koyera pa lilime la wodwalayo.

"Mubadyesa chani?"

Ba Langson anali pakati pa pemphero. Sanayankhe.

"Nafunsa, mubadyesa chani bamuna banga?"

Anamaliza kaye pemphero, n'kupukuta kabokosi ka Ukaristia, kenaka n'kutembenuka kuti afotokoze. Ba Lister anali atatuluka kale. Mkati mwa sabata yomweyo ba Donald anamwalira, mwamtendere, korona ili m'manja.

Pamaliropo, nthawi ya mawu a banja, mwana wamkulu wa malemu, Abel, anaimirira maso ali psu. Sanatchule dzina. Anangoti pali anthu ena amene anabwera ndi tizithumba tawo kuchokera ku Lusaka, ndipo bambo ake anadyetsedwa zinthu amayi ake akuona. Khamu lonse linatembenukira kwa ba Langson. Iwo sanayang'ane khamulo. Anayang'ana mlongo wawo, amene anakhala pakati pa amayi atafunda chitenje kumutu, kudikira kuti anene liwu limodzi lokha. Ba Lister sanatukule mutu. Kumanda, mafosholo akuyenda m'manja mwa amuna, fosholo inawalumpha ba Langson.

Maliro atatha, Abel anamanga mpanda wa udzu pakati pa nyumba ziwirizo. Mbale ya chakudya imene inkabwera madzulo inaleka kubwera. Ba Lister anadula phazi, ndipo akakumana ndi alongo awo panjira ankayang'ana kumbali. Akhristu ena analangiza ba Langson kuti akasume, ena kuti asamukire pafupi ndi mishoni. Iwo anakana zonse. "Chibale ni fupa, sichiola," ankatero.

M'mawa uliwonse, akamva tsache likulira kuseri kwa mpanda, ankatuluka, n'kuima pafupi ndi udzuwo, n'kuomba m'manja. "Mwauka bwanji, ba Lister?" Tsache linkaima pang'ono, kenaka n'kupitiriza. Iwo ankadikira kanthawi, n'kutenga khasu. Anachita zimenezi dzinja ndi chilimwe, chaka ndi chaka, udzu wa mpandawo mpaka kuusintha kangapo. Tsopano anadziwa bwino ululu wa moni wosayankhidwa, ndipo anauza bambo mfumu kuti mwina Mulungu anafuna kuti aulawe. Utumiki sanausiye. Okalamba amene ankawadikira Lamulungu sankasamala za manong'onong'o, ndipo ba Langson akamaliza pemphero ankawatungira madzi, kuwawazira nkhuni, nthawi zina kuwameta ndi kuwawenga zikhadabo.

Ukalamba sunachedwe. Munthu wodya yekha sanenepa, ndipo maso anayamba kuchita ng'ala mpaka njira ankaiyenda mongoloweza. Mmenemo ndi mmene Harriet anawapezera. Mtsikana wa pa sutikesi uja tsopano anali mphunzitsi pa yunivesite yomweyo, wofufuza za umoyo wa okalamba, ndipo anabwera ku Rufunsa ndi ophunzira ake pa ntchito. Anafunsira njira mpaka kufika pakhomo. Atawaona mmene anaondera, jekete likulendewera ngati lobwereka, analira mokweza osasamala ophunzira ake.

"Atate, n'chifukwa chani simunaniuze? Pa foni mumakamba ati muli bwino!"

"Nili bwino, mwana wanga. Ni menso chabe."

Harriet sanamve zimenezo. Anakaonana ndi bambo mfumu, anapeza wogwirizira utumiki, n'kuwakweza galimoto. Ku Lusaka madokotala anachotsa ng'ala, ndipo ba Langson anaonanso masamba a mitengo lililonse palokha. Harriet ndi anzake anali atayambitsa bungwe la opuma ntchito a pa yunivesite, limene linkakumana pansi pa mitengo kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko mapulofesa akale ndi osesa akale ankakhala pa benchi imodzi. Anamwino ophunzira ankawayeza magazi, kenaka onse ankaimirira kutambasula manja ndi miyendo, kuseketsana ndi mawondo olira. Anali ndi dimba lawo la ndiwo zamasamba, kwaya yawo, ndi nsolo imene inkayambanitsa anthu ophunzira kwambiri ngati ana.

Ba Langson atafika, gulu lonse linaimirira. "Ba Shikulu babwela!" Anawakumbatira, anawakumbutsa za makiyi, anawaika pa besi mu kwaya. Sitinganame kuti kumeneko sanasangalale. Anasangalala zedi. Masaya anabwerera, kuseka kunabwerera, ndipo pali chithunzi chimene anajambulidwa akuvina ndi mayi wina amene kale ankaphika ndi ba Agness. Lamulungu ankapita kumanda a akazi awo kukazula udzu ndi kuwauza nkhani. Harriet anakonza chipinda m'nyumba mwake n'kunena kuti ndi chawo mpaka Mulungu adzawaitane.

Mvula yoyamba itagwa, Harriet anawapeza atapinda zovala zawo pabedi.

"Atate, muyenda kuti? Kuno muli na banthu, muli na chipatala pafupi, mumaseka. Kuja muli na ndani? Bamakuitani mfiti!"

"Ukamba zoona, mwana wanga," anatero ba Langson. "Kuno nimvela bwino maningi. Nikapasa moni, aliyense aniyankha." Anasisita chipewa. "Koma kuli umozi wamene akalibe kuniyankha. Siku yamene azafuna kuyankha, anipeze pafupi."

"Nanga ngati sazayankha?"

"Ninshi nizafa nili pafupi."

Harriet sanalakwe, ndipo ba Langson sanamuuze kuti walakwa. Anangosankha chimene mtima wawo ukanatha kukhala nacho. Harriet anawaperekeza yekha mpaka pakhomo, akulira njira yonse. Anzawo a bungwe lija sanawataye. Chaka chilichonse akakolola ankabwereka minibasi n'kubwera, nkhalamba zokhazokha ndi ndodo zawo, kudzaimba ndi kudya nawo pabwalo. Anthu a m'mudzi ankaonerera chapatali, ndipo pang'ono ndi pang'ono ena anayamba kuchita manyazi ndi zimene ankanena. Ana anayambiranso kuthamangira njinga. Koma kuseri kwa mpanda kunali zii, ndipo alendo akapita, ba Langson ankatsala ndi chisoni chawo chomwe chija.

Lamulungu lomaliza anatenga kathumba monga mwa masiku onse. Anafika kwa odwala awo onse, ndipo anali pobwerera, akuyankha moni khomo ndi khomo, pamene anagwa pambali pa njira. Anyamata ogulitsa makala anawapeza n'kuwanyamula mpaka ku chipatala cha mishoni. Madokotala anati ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inali itafa, ndipo lilime linali litagwidwa, osatha kutulutsa ngakhale liwu limodzi. Bambo mfumu anawadzoza mafuta a odwala madzulo omwewo, ndipo Harriet anafika kuchokera ku Lusaka.

Zimene zinachitika kumudzi m'mawa mwake anafotokoza ndi ba Lister eniake. Uthenga unali usanawapeze, chifukwa anthu ankaopa kutchula dzina la alongo awo pamaso pawo. Anatuluka ndi tsache monga mwa nthawi zonse n'kuyamba kusesa. Anasesa mpaka kufika pampanda, koma kunalibe kuomba m'manja. Anabwerera n'kusesanso pomwe anasesa kale, mwamphamvu kuti tsache limveke. Kunali chete. Ba Lister akuti apo m'pamene anazindikira kuti zaka zonsezo ankadzukira moni umenewo. Za ufiti anali atasiya kuzikhulupirira kalekale, mwinanso sanazikhulupirirepo n'komwe. Chimene chinawamanga pakamwa ndi manyazi. Anakhala chete tsiku la maliro pamene anayenera kuyankhula, ndipo tsiku lililonse lotsatira kuyankha kunkalemera kuposa dzulo lake. M'mawa uliwonse ankati ndiyankha mawa.

Anazungulira mpanda, koyamba chiumangireni, n'kupeza chitseko chili chotseka kunja. Mayi woyandikana nawo ndi amene anawauza. Ba Lister sanasinthe n'chitenje chomwe. Anayenda wapansi mpaka ku Mpanshya, mayi wokalamba wa miyendo yotupa, osaima paliponse.

Atalowa mu wodi anapeza Harriet atakhala pambali pa bedi. Ba Langson anali maso, akuyang'ana kudenga. Ba Lister anaima pakhomo kanthawi, kenaka anafika pafupi, anagwada pa simenti, n'kuomba m'manja mwaulemu wonse. Sanapereke moni. Anayankha.

"Tauka, ba Langson. Tauka bwino, alongo banga." Anaombanso m'manja. "Masiku yonse nenze kumvela. Tauka bwino. Kaya imwe, mwauka bwanji?"

Ba Langson anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Milomo inagwedera koma sipanatuluke kanthu, ndipo misozi inatsikira m'makutu. Kuomba m'manja sakanatha, poti dzanja lamanja linali litagona ngati chikuni. Anatukula lamanzere, n'kudziguguda nalo pachifuwa mofatsa, monga timachitira poyankha moni wa munthu amene timamulemekeza. Harriet anatuluka panja kuti awasiye awiri.

Ba Lister anakhala pamenepo tsiku lonse atagwira dzanja lija, ndipo anamwino akuti sanatseke pakamwa. Anawafotokozera alongo awo nkhani zonse zimene anawasungira, za zidzukulu zimene zinabadwa, za mbuzi zimene zinatayika, za denga limene likudontha. Ba Langson ankamvetsera, mbali yamoyo ya nkhope yawo ikumwetulira. Dzuwa litapendeka, bambo mfumu anabwera n'kuwapatsa kachidutswa kakang'ono ka Ukaristia, ba Lister akuwachirikiza mutu. Patangopita kanthawi anatseka maso ngati munthu wotopa ndi ulendo, ndipo sanawatsegulenso.

Anaikidwa kumudzi, pafupi ndi mayi awo. Minibasi ya nkhalamba za ku yunivesite inabwera komaliza, ndipo kwaya yawo inaimba popanda besi. Abel anali m'gulu la okumba manda. Ba Langson sanasiye mwana, nyumba ya malata kapena ng'ombe. Anatisiyira chitsanzo cha munthu amene anapatsidwa ukalamba wofewa, wa kuseka ndi anzake, n'kuusiya kuti akhale pafupi ndi mmodzi amene anamukana. Ambuye amene iwo ankawanyamula kupita nawo kwa odwala awalandire kwawo, ndipo kuwala kosatha kuwawalire.

Anthu atabalalika kumanda, Harriet anatsalira kuti awadzutse ba Lister, amene anali atakhala pansi pafupi ndi mtumbira. Mayiwo anamugwira mkono n'kumuyang'ana m'maso.

"Iwe wenzepo, mwana wanga, ndiwe wophunzila. Niuze zoona. Banamvela?"

"Banamvela, amai."

Ba Lister anagwedeza mutu n'kusalaza dothi ndi chikhatho. "Sembe ninayankha kalekale," anatero modandaula. "Yenze chabe mau yabili."